Mzere Wosauma

Abambo ake a Mzime anali ndi lamulo limodzi, ndipo analisunga zaka makumi anayi zonse zimene anakhala akulemba zikwangwani: ntchito yosauma situluka pakhomo. Kaya ndi chikwangwani cha ometa tsitsi, kaya cha okhoma mabokosi a maliro, kaya mwini wake waimitsa galimoto panja akuliza hutala kuti akuchedwa, zinalibe kanthu. Iwo ankakhudza utoto ndi kuseri kwa kachala kotsiriza, n'kukakweza, n'kukayang'ana. Kakatuluka koyera ankanena liwu limodzi lokha: "Ipite." Kakatuluka ndi utoto ankangotembenuka n'kupita kukatsuka maburashi, ndipo wa hutala uja ankadziwa yekha kuti abwere mawa.

Mzime anakulira m'shopu imeneyo, pakati pa zitini ndi fungo la palafini. Ndi wotsiriza kubadwa, ndiye dzina loti Mzime linamukakamira mpaka lero ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, imvi ziwiri zitatulukira kale pamwamba pa khutu. Anadziwa kusakaniza utoto asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Koma atakula anasiya zilembo n'kuyamba kujambula zithunzi pansalu ndi utoto wamafuta, ndipo abambo ake ntchito imeneyo anaipatsa dzina lawolawo: zopakapaka. Sankamunyoza, ayi. Ankamugulira ngakhale maburashi. Kungoti pa zaka khumi ndi ziwiri sanakhudzepo chithunzi chake n'chimodzi chomwe ndi kachala kaja.

"Zimenezi sizipita kwa munthu," ankatero. "Ndiye ndizikhudziranji?"

Zinkamuwawa, tisabise. Anthu ena anamuyamikirapo ndithu, ena odziwika, koma iye ankafuna liwu lija, lochokera pakamwa pa mdala yemweyo. Ndipo nthawi inali kumuthera, chifukwa maso a abambo ake anali atachita ng'ala. Ankaona kuwala ndi mithunzi basi, ngati munthu woyang'ana pazenera la nthunzi.

Mwayi unafika pamene nyumba ina yoonetsera zithunzi inasankha ojambula asanu kuti aonetse ntchito zawo kwa milungu itatu, Mzime ali mmodzi wa iwo. Mwini nyumbayo anali mayi wina amene ojambula onse ankawatchula kuseri kuti Mayi Magalasi, chifukwa magalasi awo ankalendewera pachifuwa ndi kachingwe, ndipo ankawavala pokhapokha akafuna kukupezera cholakwa. Mayiwo anamupatsa Mzime malo a zithunzi zitatu. Chachikulu anachipatsa khoma loyang'anizana ndi khomo, lija munthu amaliona asanapukute n'komwe mapazi. Ojambula amadana chifukwa cha khoma limenelo. Amamwetulirana, amamwa tiyi limodzi, koma amadana.

Chithunzi chachikulucho chinali cha shopu ya abambo ake. Munali benchi yothimbirira, zitini zisanu ndi chimodzi, botolo la maburashi, ndi chikwangwani cholembedwa theka chitatsamira khoma. Nkhope ya munthu munalibe, munali dzanja lokha litagwira burashi yaitali, likukoka mzere wofiira m'mphepete mwa chikwangwanicho. Aliyense amene anakulira m'shopu ya zilembo amadziwa kuti mzere umenewo ndiye umasiyanitsa mmisiri ndi wongopaka. Amaukoka kamodzi, ndi mpweya umodzi, dzanja osanjenjemera.

Zonse zinatha miyezi iwiri chionetsero chisanafike, kupatula mzerewo. Mzime anaukoka, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuuyang'ana, n'kuona ngati wakhota chapakati. Anaupala ndi kampeni. Anaukokanso patapita masiku, anaupalanso. Wina unanenepa kumapeto, wina unkaoneka wamantha. Achemwali ake, amene amakhala ndi abambo awo n'kumawasamala, anabwera tsiku lina n'kumupeza wakhala pandowa yovundikira, maso ali pamzere.

"Iwe, ukuuyang'ana ngati wakubera mwamuna," anatero achemwali akewo. "Usiye. Ndani akabwere ndi rula?"

Mzere wachisanu ndi chiwiri Mzime anaukoka Lachitatu masana, wokhuthala bwino, wofiira psuu. Zithunzi zinkafunika ku nyumba ya chionetsero Lachinayi m'mawa, ndipo chionetsero chinkatsegulidwa Loweruka.

Tsono utoto wamafuta si penti ya zikwangwani imene umapaka lero mawa n'kunyamula. Umauma pamene wafunira, ndipo wofiira ndiye waulesi kuposa yonse. Ukaupaka mokhuthala umatha milungu iwiri uli wofewa. Mzime ankadziwa zimenezi ngati dzina lake. Ankadziwanso lamulo la Mayi Magalasi. Chaka china mlendo wina wa diresi yoyera anatsamira chithunzi chosauma n'kutuluka ndi msana wobiriwira, ndipo kuyambira pamenepo wojambula aliyense ankasaina fomu yoti ntchito yake yonse yauma. Chithunzi chikapezeka chosauma chinkatsitsidwa pompopompo, kaya pali alendo kaya palibe.

Lachinayi Mzime anachinyamula yekha chithunzicho, osachikulunga, atachigwira kumbuyo pathabwa lapakati. Mayi Magalasi anamupatsa fomu ndi cholembera. Iye anasaina, dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono, zimene zinamudabwitsa yekha. Mwayi wake, makoma anali atangopentedwa kumene, moti chipinda chonse chinkanunkha penti ndipo fungo la chithunzi chake linabisala momwemo. Kalipentala wa panyumbapo anakhoma misomali iwiri, anapachika chithunzi, anaika levulo pamwamba kuti aone ngati chawongoka, n'kumata tepi yakuda pansi kuti alendo asafike pafupi. Pambali anamata kapepala ka dzina la wojambula.

Mumtima Mzime ankati: palibe adzakhudze. Pano sakhudza. Abambo nawo sakhudza zopakapaka. Adzangoima, adzaona chifunga chofiira, adzati "eya," n'kupempha mpando.

Loweruka masana anthu anadzaza. Anthu a m'zionetsero mumawadziwa: manja kumbuyo, mutu wopendekera, tambula ya juwisi yosamwedwa, kumangoti "mhm" ngati chithunzi chawauza chinsinsi. Ambiri ankaima pa chithunzi cha shopu. Mwamuna wina wa ndevu zosamalidwa anafotokozera mnzake kuti mzere wofiirawo ukuimira magazi a anthu ovutika, ndipo Mzime, amene anali kumbuyo kwawo, anangoyang'ana kudenga.

Abambo ake anafika cha m'ma fili koloko, atavala suti yawo ya imvi ija ya maukwati ndi maliro, atagwira pachigongono cha achemwali ake. Atangolowa anaima, n'kununkhiza.

"Makoma apenta dzana," anatero. "Apaka kawiri, penti yamadzi. Ntchito ya mwana wanga ili kuti?"

Achemwali ake anawatsogolera mpaka patepi yakuda ija n'kuyamba kuwafotokozera: apa pali benchi yanu, Bambo, apa dzanja logwira burashi, apa zitini, ngakhale chitini chophwanyika chija chimene munkakana kutaya chilipo. Abambowo anamvetsera, mutu uli chowerama. Kenako anafunsa kuti zitini zilipo zingati, ndipo atauzidwa kuti zisanu ndi chimodzi anagwedeza mutu kuvomereza.

"Nanga dzanjalo likutani?"

"Likukoka mzere wam'mphepete," anatero Mzime.

Abambowo anasiya chigongono cha achemwali ake, anakokera m'mwamba mkono wa jekete, n'kutulutsa kachala kotsiriza.

"Imeneyi ndi ntchito," anatero. "Ndiikhudze."

Zaka khumi ndi ziwiri munthu akudikira mawu amenewo, n'kufika tsiku lolakwika.

Mayi Magalasi anali atafika kale, magalasi ali pamphuno. Mayi ameneyo phazi likawoloka tepi amalimva ali kuchipinda china.

"Pepani bambo, pano sitikhudza."

Achemwali ake a Mzime, amene sasowa chonena, anafotokoza zonse: za maso, za zaka makumi anayi, za kachala, za liwu lija. Anafotokoza mokweza ndithu, moti anthu a matambula aja anasiya "mhm" wawo n'kuyandikira. Mayi Magalasi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutsitsa magalasi.

"Chabwino," anatero. "Chithunzi n'cha mwana wanu, ndipo n'chouma. Kukhudza kamodzi sikungachiwononge. Si choncho, Mzime? Agwire dzanja uwasonyeze."

Mzime anagwira dzanja la abambo ake pamfundo n'kuwawolotsa tepi. Ndipo pamenepo anaona njira, yotakasuka bwino. Chithunzicho chinali chachikulu. Benchi inauma miyezi iwiri yapitayo, zitini nazo, khoma nalo. Akanangoika kachalako pakona ya kumanzere, pamwendo wa benchi, kakanatuluka koyera. Abambo akanati "Ipite" pamaso pa anthu onsewa, pamaso pa Mayi Magalasi, ndipo palibe akanadziwa kanthu. Dzanja linayamba kale kupita kumanzereko, ndipo linkapita mosavuta, chifukwa abambowo ankangolitsata. Linali lopepuka, lofunda, lodalira.

Chimene chinamuimitsa n'chimenecho. Dzanja lomwe linkabweza anthu a hutala linkapita kulikonse kumene iye angaliike. Anachita manyazi, manyazi enieni, oposa amene ankawaopa.

"Bambo," anatero, "mzere wofiira sunaume. Ndinaukoka Lachitatu."

Achemwali ake anagwira pakamwa. Mayi Magalasi anabwezera magalasi pamphuno, anayandikira mzerewo, anauyang'ana cham'mbali pamene nyali imawalira, n'kuwongoka.

"Unasaina fomu," anatero, osakweza mawu. Kenako anatembenuka. "Kalipentala, tsitsa ichi. Chigwire kumbuyo."

Ndi momwe zinathera. Panalibe kukalipa. Kalipentala anabwera, anachinyamula chithunzicho pakati pa alendo, iwo n'kumapatuka, azimayi akukokera madiresi awo kumbali. Mayi Magalasi anamatula okha kapepala ka dzina. Pasanathe mphindi khumi pakhoma loyang'anizana ndi khomo panali patapachikidwa chithunzi cha wojambula wina, cha mbalame zitatu, ndipo mwini wake ankayesetsa kuoneka wachisoni.

Chithunzi cha shopu anachitsamiritsa m'chipinda chakumbuyo chosungiramo katundu, pakati pa makwerero, mafelemu opanda kanthu ndi ndowa ya wokolopa. Abambo a Mzime anakana kubwerera kwa alendo. Anati awatengere komweko. Kalipentala anawabweretsera mpando wapulasitiki, iwo anakhala, n'kuuza achemwali ake kuti apite akamwe juwisi.

"Ndisonyeze mzerewo," anatero atatsala awiri.

Mzime anaika kachala kawo pamzere. Kanatuluka kofiira, ndipo pobweza dzanja utoto unapaka m'mphepete mwa mkono wa jekete.

"Unaukoka kangati?"

"Kasanu ndi kawiri."

"Chifukwa?"

"Unkakhota, Bambo. Wanu sunkakhota."

Abambowo anaseka kukhosi, kaphwete kakafupi. "Wanga unkakhota. Iwe unali wamfupi, unkauonera pansi."

Mzime anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka ndi misozi. Anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja. Abambo ake sanamutonthoze. Si anthu otonthoza. Anangoti aitane mwini nyumba.

Mayi Magalasi anabwera n'kuima pakhomo, manja atapinda.

"Mayi, chionetsero chanu n'cha masiku angati?"

"Milungu itatu."

"Ntchito iyi ikauma mudzaipachika?"

Mayiwo anaganiza. "Khoma lija lapita. Pali malo m'kanjira kopita kuchimbudzi." Anayang'ana Mzime. "Koma adzanene ndani kuti chauma? Mawu a uyu ndawaona kale."

"Ndidzanena ine," anatero abambowo.

Kuyambira Lolemba, m'mawa uliwonse Mzime ankapita kukawatenga abambo ake. Ankawapeza atavala kale suti, atakhala pakhonde, ngati munthu wopita kuntchito. Ankakwera basi, n'kutsika pa mphambano, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa ogulitsa mafoni ndi osoka nsapato, n'kulowera khomo lakumbuyo kuti asadutse pa mbalame zitatu zija. Akafika, abambowo ankakokera mkono wa jekete, Mzime n'kuika kachala pamzere, pamalo atsopano tsiku lililonse, kumunsi kwenikweni kumene chizindikiro sichingaoneke. Ndiye abambowo ankakweza kachalako, n'kukayandikitsa kumaso monga ankachitira kale, n'kuusa moyo, n'kukatambasulira kwa mwana wawo.

"Tandionera."

"Kofiira, Bambo."

"Mawa."

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Wokolopa anawazolowera mpaka anayamba kuwasungira mpando. Achemwali ake ankadandaula kuti jekete yonse yathera utoto, ndipo mdala akukana kuti ichapidwe mpaka ntchito itatuluka.

Lachinayi la mlungu wachiwiri, Mayi Magalasi anakumana ndi Mzime m'kanjira n'kumuuza, ngati akunena za nyengo, kuti mawa m'mawa kukubwera mtolankhani kudzajambula zithunzi zonse zimene zili pakhoma, za m'nyuzipepala. Zimene zili pakhoma, anabwereza. Sanawonjezere kanthu.

Lachisanu Mzime anafika ndi abambo ake molawirira. Mzere unkaoneka wouma ndithu, kuwala kwake kutazilala. Anaika kachala. Abambowo anakakweza, n'kukatambasula.

"Tandionera."

Mzime anakagwira n'kukatembenuzira kuzenera. Kanali koyera. Anakayang'ananso. Pamfundo penipeni, m'kakhwinya ka khungu, munali kadontho kofiira, kakang'ono ngati magazi a udzudzu. Munthu wamaso abwino akanatha osakaona. Kuchipinda chachikulu kunkamveka kale mawu a Mayi Magalasi akulonjera mlendo, ndi phokoso la miyendo ya kamera ikutambasulidwa.

Mzime anatembenukira kwa abambo ake.

"Kalipo pang'ono, Bambo."

"Lolemba," anatero abambowo, n'kutsitsa mkono wa jekete.

Mtolankhani anajambula mbalame zitatu kuchokera mbali zonse. Anajambulanso tizithunzi tiwiri tating'ono ta Mzime, koma m'nyuzipepala sitinatuluke. Mzime anakhala Loweruka lonse wokwiya, wokwiyira utoto, wokwiyira mbalame, wodzikwiyira yekha koposa. Achemwali ake atamva za kadonthoko anamuyang'ana nthawi yaitali n'kungoti, "Ndiwe mwana wa abambo ako, ndipo sindikukuyamikira."

Lolemba kunagwa mvula, basi inachedwa, ndipo anafika nsapato zitanyowa. Chionetsero chinali chitatsala ndi masiku asanu. M'nyumbamo munalibe mlendo n'mmodzi yemwe, munali wokolopa, kalipentala akukonza chitseko, ndi Mayi Magalasi pa desiki yawo.

Abambowo anakokera mkono wa jekete. Mzime anaika kachala pamzere. Ulendo uno abambowo sanakachotse msanga. Anakayendetsa pang'onopang'ono kutsata mzerewo, kuchokera kumunsi mpaka pamene dzanja lawo linalekezera kufika, n'kukabweza. Kenako anakakweza. Sanakayandikitse kumaso. Sanakatambasulenso kwa Mzime. Anangokakhudza ndi chala chachikulu, kamodzi, n'kutsitsa dzanja.

"Ndikuonereni, Bambo?"

"Ndamva kale."

Pamenepo Mzime anazindikira. Zoona, chala chimene chakhudza utoto zaka makumi anayi sichifuna maso kuti chidziwe ngati pakumata. Abambowo ankadziwa Lolemba loyamba lija, ankadziwa Lachiwiri, ankadziwanso Lachisanu la kadontho. M'mawa uliwonse wa milungu iwiri, chimene ankayesa si utoto, koma mwana wawo.

Abambowo anatsitsa mkono wa jekete, anakonza tayi, n'kutembenukira kumene kunali mpweya wa mwana wawo.

"Wakhota pang'ono chapakati," anatero. "Ipite."

Mzime anaitana kalipentala kuti akhome misomali m'kanjira kopita kuchimbudzi. Mayi Magalasi anadzuka pa desiki, anatsegula kabati, n'kutulutsa kapepala ka dzina kaja, kamene anakasunga. Kalipentala atabwera kudzanyamula, Mzime anamukaniza. Anachinyamula yekha chithunzicho, atachigwira kutsogolo ndi manja onse awiri, abambo ake akumutsatira pambuyo atagwira m'mphepete mwa bulauzi yake.